Tizilombo ta malungo timene kachipangizo koyezera sikationa

Aliyense amene anaperekezapo mwana kuchipatala thupi likutentha amadziwa mmene zimayendera masiku ano. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amapukuta chala ndi thonje, amabaya ndi kasingano, amatenga kadontho ka magazi n'kukaika pa kachipangizo koyera kapulasitiki, kenaka amadonthezerapo timadzi ta m'kabotolo. Mumadikira mphindi 15 kapena 20. Mizere ikatuluka iwiri ndiye kuti ndi malungo, mulandira LA. Ukatuluka umodzi mumauzidwa kuti malungo palibe, ndipo adokotala amayamba kufufuza china chimene chikutenthetsa thupilo.

Kachipangizo kameneka, kamene a zaumoyo amakatchula kuti mRDT, ndimakalemekeza kwambiri, ndipo zimene ndikulemba pano zisachititse munthu kukakayikira pachabe. Amene tinakula kasanabwere tikukumbukira kuti kale kutentha thupi kulikonse kunali malungo. Mwana wa chibayo ankalandira Fansidar, wa zilonda zapakhosi Fansidar, wa matenda oumitsa khosi nayenso Fansidar, mpaka matenda enieniwo atakula. Kuyeza magazi pa maikulosikopu kunkachitika m'zipatala zikuluzikulu, ndipo kudikira zotsatira kunkatha tsiku lathunthu. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu aliyense woganiziridwa malungo aziyamba wayezedwa asanapatsidwe mankhwala. Malawi anayamba kugawa tizipangizoti m'zipatala zake mu 2011, ndipo pambuyo pake tinafika m'manja mwa alangizi a zaumoyo amene amaona ana kumidzi, kutali ndi msewu wa tala. Sikafuna magetsi, sikafuna firiji, ndipo munthu wophunzitsidwa masiku ochepa amakagwiritsa ntchito bwinobwino.

Koma pali chinthu chimene ambiri sitiuzidwa: kachipangizoka sikaona kachilombo ka malungo. Wa ku labu akayang'ana pa maikulosikopu amaona kachilombo kenikeniko kali m'kati mwa selo lofiira la magazi. Kachipangizo kamangozindikira chizindikiro chimene kachilomboko kamasiya. Mtundu wa tizilombo umene umayambitsa pafupifupi malungo onse kuno kwathu, wotchedwa Plasmodium falciparum, umapanga puloteni yotchedwa HRP2 n'kumaitayira m'magazi a munthu yochuluka kwambiri. M'kati mwa kachipangizo muli kapepala kopakidwa tinthu timene timagwira HRP2. Magazi akamayenda pa kapepalako, puloteniyi ikakhalamo imakodwa pamalo amodzi pamodzi ndi utoto, ndipo mzere wachiwiri uja umaoneka. Mzere winawo umangotsimikizira kuti magazi ndi timadzi zayenda bwino. Opanga tizipangizo anasankha HRP2 pa zifukwa zomveka: imapezeka yambiri, moti mzere umatuluka ngakhale tizilombo tili tochepa, komanso tizipangizo take timapirira kutentha kwa mayiko athu ano. Ndiye chifukwa chake tizipangizo tambiri mwa timene timagawidwa padziko lonse, toposa mamiliyoni 300 pachaka, timadalira puloteni imodzi yomweyi.

Malangizo opangira HRP2 ali mu DNA ya kachilomboko, momwe mumasungidwa chibadwa chake, pa kachigawo kotchedwa jini ya pfhrp2. Falciparum ali ndi makromozomu 14, omwe ndi zingwe zazitali za DNA, ndi majini oposa 5,000, ndipo pfhrp2 ili chakunsonga kwa kromozomu ya nambala 8. Ili ndi inzake, pfhrp3, pa kromozomu ya nambala 13, imene imapanga puloteni yofanana kwambiri ndi HRP2 moti kachipangizo kamathanso kuigwira. Kunsonga kwa makromozomu ndi malo osakhazikika. Pamene tizilombo tikuswana, nsonga imatha kuduka, n'kupola popanda chigawo chimene chachokacho. Jini yofunika pa moyo wa kachilombo ikachoka motero, kachilomboko kamafa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pfhrp2 si yotero. Kachilombo kopanda jiniyi kamakhalabe ndi moyo, kamaswana, kamatenthetsa thupi, kamathetsa magazi, kamatha kupha mwana, ndipo udzudzu umakatenga n'kukapatsira munthu wina. Kakataya pfhrp2 yokha, inzake ija imatha kukaulula ngati tizilombo tachuluka m'magazi. Kakataya zonse ziwiri, kachipangizo kamatulutsa mzere umodzi ngakhale magazi atadzaza tizilombo.

Akatswiri ankadziwa kale kuti mitundu ina ya falciparum yosungidwa m'malabu ilibe majiniwa, koma sizinkadetsa nkhawa munthu. Zinasintha mu 2010, pamene ofufuza a ku Peru, motsogozedwa ndi Dionicia Gamboa wa pa yunivesite ya Cayetano Heredia ku Lima, anafalitsa zimene anapeza m'magazi a odwala a m'dera la nkhalango ya Amazon, makamaka cha ku Iquitos. Mwa tizilombo timene anayeza, 41 pa 100 alionse tinalibe pfhrp2, 70 pa 100 tinalibe pfhrp3, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu tinalibe zonse ziwiri. Ku Peru nthawi imeneyo ankayeza malungo makamaka pa maikulosikopu, choncho si tizipangizo timene tinachulukitsa tizilomboti kumeneko. Kenaka tinapezekanso ku Colombia ndi ku Brazil. Ambiri kuno ku Africa anaimva nkhaniyi ngati ya kutsidya kwa nyanja.

Zimene zinachitika ku Eritrea ndi zimene ndikufuna tiziganizire modekha, chifukwa mmene vutoli linadziwikira muli phunziro lalikulu kuposa manambala ake. Amene anayamba kulankhula ndi ogwira ntchito m'zipatala. Ankaona odwala amene zizindikiro zonse zikuloza malungo, pa maikulosikopu tizilombo tikuoneka, koma kachipangizo kakukana. Izi sizinachitike kamodzi kapena kawiri, ndipo madandaulo anafika ku unduna wa zaumoyo. Poyamba anakayikira zimene aliyense angakayikire: mwina tizipangizo tinasungidwa potentha, mwina tinabwera toonongeka, mwina oyeza sakutsatira ndondomeko. Atafufuza anapeza kuti vuto silinali pamenepo. Mu 2016 anatenga magazi a odwala 50 amene maikulosikopu inatsimikiza kuti ali ndi falciparum, m'zipatala ziwiri: cha ku Ghindae, pa msewu wochokera ku Asmara kutsikira kunyanja, ndi cha ku Massawa, doko la pa Nyanja Yofiira. Ku Ghindae odwala 21 mwa 26 anali ndi tizilombo topanda pfhrp2. Ku Massawa anali 10 mwa 24.

Taganizani tanthauzo la nambala ya ku Ghindae ija. Mwa anthu khumi odwaladi malungo, asanu ndi atatu akanauzidwa kuti alibe, pakanapanda maikulosikopu. M'zipatala zazing'ono za kumidzi, kumene kachipangizo ndiko kokha koyezera, n'kutheka kuti ambiri anabwerera kunyumba ndi panado basi. Boma la Eritrea silinazengereze: linasiya tizipangizo todalira HRP2 n'kuyamba kugula tina toyeza puloteni ina, ndipo linali dziko loyamba mu Africa kuchita zimenezi. Ofufuza atayerekeza chibadwa cha tizilombo ta ku Eritrea ndi ta ku Peru anapeza kuti si tapachibale. Palibe amene anatinyamula kuchokera ku South America. Kuduka kwa jini kuja kunachitika pakokha kumeneko.

Mfundo imeneyi ndiyofunika kwa ife. Pakamveka za matenda achilendo timafulumira kuloza chala anthu a paulendo ndi othawa kwawo. N'zoona kuti tizilombo timayenda m'magazi a anthu, ndipo malire a mayiko satiletsa. Koma kachilombo kopanda HRP2 kangathe kubadwa m'thupi la munthu wa ku Nsanje kapena wa ku Nkhotakota amene sanatulukepo m'boma lake.

Ku Ethiopia anachita kafukufuku wamkulu mu 2017 ndi 2018, motsogozedwa ndi Ethiopian Public Health Institute. Anayeza anthu 12,572 m'zipatala 108 za m'zigawo za Tigray, Amhara ndi Gambella, kufupi ndi malire a Eritrea, Sudan ndi South Sudan. Zotsatira zinatuluka mu 2021, ndipo zinasonyeza kuti tizipangizo ta HRP2 tikanaphonya pafupifupi wodwala falciparum mmodzi mwa khumi alionse, 9.7 pa 100, chifukwa cha kusowa kwa jiniyi. Koma anapezanso china chozama. Atawerenga DNA yozungulira malo odukawo, anaona kuti m'tizilombo tambiri inali yofanana kwambiri, chizindikiro chakuti tizilomboti tinachuluka posachedwa komanso mofulumira, kuchokera ku makolo ochepa. Panali chinachake chimene chinkatikondera.

Chinachakecho, mwa kuganiza kwa ofufuza ambiri, ndi ndondomeko yathu yabwino ija yakuti yeza kaye, kenaka pereka mankhwala. Amene anatcherapo diwa kumunda amvetsa msanga. Diwa limapha mbewa zimene zimakopeka ndi nyambo. Ngati pali mbewa zingapo zimene nyamboyo sizilabadira, zimatsala, zimaswana, ndipo pakapita nyengo zingapo ndizo zimadzaza munda, ngakhale wotchera diwa sanazilenge. Ndi mmenenso zilili pano. Wodwala wa tizilombo topanga HRP2 amapezeka, amamwa LA, tizilombo take timafa. Wodwala wa tizilombo tosapanga HRP2 amabwezedwa kunyumba, amakhala nato masiku ambiri kapena masabata, ndipo usiku uliwonse udzudzu ukumuluma n'kumatifalitsa. Kachipangizo sikasintha DNA ya kachilombo. Kamangosankha amene alandire mankhwala, ndipo kusankha kumeneko kukabwerezedwa kambirimbiri kumasintha mtundu wa tizilombo timene tatsala m'dera.

Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo kuti tizilombo ta malungo timasintha potengera zochita zathu, chifukwa umboni wina wodziwika kwambiri padziko lonse unachokera kuno. Kolokwini atasiya kuchiza ana, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumuchotsa pa mankhwala oyamba a malungo, mu 1993, n'kuika SP, amene tonse timamudziwa kuti Fansidar. Chimene chinkapangitsa tizilombo kusamva kolokwini ndi kusintha kwa jini yotchedwa pfcrt. Ku Blantyre, mu 1992, tizilombo 85 pa 100 alionse tinali ndi kusinthaku. Pofika mu 2000 tinatsala 13 pa 100, kenaka tinasowa. Mu 2005 ofufuza anayesanso kolokwini pa ana a ku Ndirande, ndipo anachiza 99 pa 100, pamene Fansidar anachiza 21 pa 100 okha. Tizilombo tosamva kolokwini tinali tofooka pang'ono pa mpikisano ndi tinzake, moti mankhwalawo atachoka, tija tomva mankhwala tinabwerera n'kulanda malo. Fansidar nayenso atatopa, dziko linasinthira ku LA mu 2007. Ndinene pano kuti zimenezi si chilolezo chokagula kolokwini kugolosale. Akabwerera mwachisawawa, tizilombo tosamumva tibwereranso.

Nkhani ya kolokwini ingatipatse chiyembekezo chakuti tizilombo topanda HRP2 natonso tingazimiririke dziko likasintha tizipangizo. Pali kafukufuku wa mu labu wosonyeza kuti kachilombo kotaya majiniwa kamaswana mochedwerapo. Koma zimene zaoneka kunja kwa labu sizikutilola kugona tulo. Ku Peru tizilomboti tinapitiriza kuchuluka ngakhale kuti tizipangizo ta HRP2 sitinkagwiritsidwa ntchito kwenikweni. Ku Eritrea, patatha zaka zoposa ziwiri chisinthireni tizipangizo, ofufuza anatipezabe tochuluka ndithu. Ndipo kudera lomwelo kwapezeka chinthu chodetsa nkhawa kwambiri: tizilombo tina tili ndi kusintha kwa jini ya kelch13, kumene kumachititsa kuti mankhwala a artemisinin, omwe ali mu LA, achedwe kutipha, ndipo tina mwa ito tilibenso pfhrp2 ndi pfhrp3. Kachilombo kamodzi komweko n'kovuta kukapeza, n'kovutanso kukapha. Mu 2021 alangizi a WHO pa nkhani za malungo anapempha kuti pachitike kanthu mwachangu m'mayiko a kumeneko, Djibouti ndi Ethiopia akuphatikizidwa, ndipo pofika lero tizilombo topanda pfhrp2 tapezeka m'mayiko oposa 40.

Nanga kuno kummwera kwa Africa? Kafukufuku amene wachitika m'mayiko a chigawo chino wapeza tizilomboti tili tochepa, kutali kwambiri ndi za ku Eritrea. Chifukwa chimodzi n'chodabwitsa poyamba kuchimva: kuchuluka kwa malungo komweko ndiko kumatibisa ndi kutichedwetsa. Kumadera a m'mphepete mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire munthu amalumidwa ndi udzudzu wa malungo kambirimbiri, moti m'magazi mwake mumakhala mabanja angapo a falciparum nthawi imodzi. Ngati banja limodzi lokha likupanga HRP2, mzere wachiwiri utuluka, wodwala amwa LA, ndipo tizilombo tonse tifa, tobisala tija pamodzi. Komanso kumene malungo ali ochuluka, akuluakulu ambiri amayenda ndi tizilombo popanda kudwala, sapita kukayezetsa, choncho tizilombo topanga HRP2 tili ndi pothawira pambiri. Kumene malungo achepa zimatembenuka: munthu amakhala ndi banja limodzi lokha, pafupifupi aliyense wogwidwa amadwala n'kupita kuchipatala, ndipo kachilombo kobisala kamapeza mwayi wonse.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli. Dziko lathu linadziikira cholinga chothetsa malungo pofika 2030. Tikugawa masikito, tinapoperapo mankhwala m'nyumba m'maboma ena, ndipo mu April 2019 tinakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana. Zonsezi n'zabwino ndipo zipitirire. Koma tikamapambana, malungo akamachepa m'boma ili ndi ilo, tikuyandikira mkhalidwe umene tizilombo tobisala timakonda. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Nthawi yoyamba kuyang'anira ndi ino, pamene tizilomboti tikadali tochepa.

Ndisasiye malo oti wina anene kuti ndaphunzitsa anthu kukana zotsatira za kuchipatala. Kuno kwathu, mzere umodzi nthawi zambiri umatanthauza zimene ukunenazo: malungo palibe. Kutentha thupi kumabwera ndi chimfine, chibayo, taifodi, matenda a m'chikhodzodzo, zilonda za m'khutu ndi zina zambiri. Ndipo ngakhale pamene kachipangizo kaphonya, zifukwa zofala ndi zina. Tizilombo timatha kukhala tochepa kwambiri matenda akangoyamba. Bokosi la tizipangizo likakhala padzuwa kapena pansi pa malata otentha miyezi yambiri, timafooka. Magazi akachuluka kapena kuchepa, timadzi ta m'kabotolo tikatha woyeza n'kugwiritsa ntchito ta kampani ina kapena madzi wamba, kapena akawerenga nthawi isanakwane chifukwa cha kuchuluka kwa odwala, zotsatira zimasokonekera. Palinso mitundu ina ya malungo, malariae ndi ovale, imene imapezeka kuno mwa apo ndi apo ndipo sipanga HRP2 n'komwe. Kumbali inayo, HRP2 imakhalitsa m'magazi masabata angapo tizilombo titafa kale, moti mwana amene anamaliza LA sabata yatha angatulutsebe mizere iwiri pamene chikumudwalitsa tsopano ndi china.

Choncho chizolowezi chotuluka m'chipatala n'kukagula LA kusitolo ya mankhwala chifukwa "ine malungo anga ndimawadziwa" n'choopsa. Chimabisa matenda enieni, ndipo chimafulumizitsa tsiku limene LA adzatope ngati anzake aja. Chimene ndikupempha n'chosiyana. Mwana akayezedwa n'kupezeka alibe malungo, koma thupi osazizira patatha masiku awiri kapena atatu, bwererani naye, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, mukanene momveka kuti, "Anesi, tinabwera dzana, anati alibe malungo, koma sakusintha." Pemphani kuti ayezedwenso, ndipo ngati kuli labu, aone pa maikulosikopu. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa, kufooka kwambiri, kupuma mobanika kapena kuyera m'manja, musadikire kuti kuche, kaya kachipangizo kananena chiyani. Kwa anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo pempho langa n'lakuti mayi wobwerera chotere asaonedwe ngati wovuta. Mwina ndi iye amene wanyamula chizindikiro choyamba.

Wina angafunse kuti bwanji osangosintha lero, dziko lonse, tisanafike pa mavuto. Tizipangizo tina tilipodi. Timayeza puloteni yotchedwa LDH, imene kachilombo sikangakhale ndi moyo popanda iyo, choncho sikangaitaye. LDH imachokanso m'magazi msanga wodwala akachira. Koma kwa zaka zambiri tizipangizo ta LDH takhala tikuphonya odwala a tizilombo tochepa kuposa mmene ta HRP2 timachitira, opanga ake ndi ochepa, ndipo kusintha kumafuna ndalama, kuphunzitsanso antchito masauzande ndi kukonzanso kagulidwe konse. Dziko limene tizilombo tobisala tili tosowa likasintha msanga, lingathe kuphonya odwala ambiri kuposa amene likufuna kupulumutsa. Pa chifukwa chimenechi WHO inaika malire: kafukufuku akasonyeza kuti odwala falciparum oposa 5 pa 100 alionse akuphonyedwa chifukwa cha kusowa kwa pfhrp2, dziko lisinthe. Nambala ya 5 inasankhidwa chifukwa ndi pafupifupi pamene zophonya za mitundu iwiriyi zimalingana. Tizipangizo tatsopano ta LDH tikamka tinoledwa, malire amenewa adzayenera kuunikidwanso, koma pakadali pano ndiwo muyeso.

Muyeso umagwira ntchito ngati wina akuyezadi. Kafukufuku wake si wachilendo kwa a zaumoyo athu. Amasankha zipatala zingapo m'chigawo chilichonse, ndipo wodwala aliyense wotentha thupi amene wavomera amayezedwa m'njira ziwiri: kachipangizo ka HRP2, ndi ka LDH kapena maikulosikopu. Amadonthezeranso magazi pang'ono pa kapepala kapadera n'kuumitsa. Pamene njira ziwirizo zatsutsana, kapepala kaja kamapita ku labu ya PCR, kumene makina amafufuza majini a kachilombo m'magaziwo. Kumeneko ntchito yake imafuna kusamala kwambiri, chifukwa akufuna kutsimikiza kuti chinthu kulibe. Ngati DNA ya kachilombo ndi yochepa kapena yaonongeka panjira, makina sapeza pfhrp2, ndipo wosasamala angalengeze kuti yaduka pamene ilipo. Ndiye amayamba atsimikiza kuti majini ena a falciparum akuoneka bwino m'magazi omwewo. Ku DR Congo kafukufuku woyamba, wa ana a m'midzi amene ambiri sankadwala, anaonetsa ngati tizilomboti tilipo ndithu, koma wotsatira, wa odwala enieni komanso wa njira zokhwimirapo, sanatipeze. Kulakwitsa kumbali iliyonse kuli ndi mtengo wake: kuchititsa dziko mantha pachabe, kapena kuligoneka pamene moto wayamba.

Luso limeneli m'dziko muno lilipo. Kamuzu University of Health Sciences ndi Malaria Alert Centre yake, Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, Blantyre Malaria Project imene yagwira ntchito pa Queen Elizabeth Central Hospital kwa zaka zambiri, Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe, pamodzi ndi nthambi yolimbana ndi malungo ya National Malaria Control Programme, onsewa ali ndi anthu odziwa kuwerenga DNA ya tizilombo. Chofunika n'chakuti kafukufukuyu akhale wobwerezabwereza, zaka zingapo zilizonse, kuyambira ku Karonga ndi Chitipa mpaka ku Nsanje, makamaka m'maboma amene malungo akutsika, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa poyera kuti ogwira ntchito m'zipatala azidziwa mmene dera lawo lilili.

Koma kafukufuku wa zaka zingapo sangalowe m'malo mwa diso la tsiku ndi tsiku. Chimene chinapulumutsa Eritrea ndi chakuti maikulosikopu inali ikugwirabe ntchito pambali pa kachipangizo, panali anthu odziwa kuwerenga galasi la magazi, ndipo atadandaula anamvedwa. Ine nkhawa yanga ndi yakuti kuphweka kwa kachipangizo kungatipangitse kuiwala luso lakalelo. Kuwerenga galasi la malungo kumafuna dzanja lozolowera, utoto wa Giemsa wosatha mphamvu, magetsi, ndi munthu wobwera kudzaona ngati zowerengazo zikulondola. Wa ku labu akakhala miyezi osaona galasi la malungo, diso limazilala. Chipatala cha boma lililonse chiyenera kukhala ndi anthu amene luso limeneli likusungidwa ndi kuyesedwa, komanso njira yosavuta, fomu imodzi kapena nambala ya foni, yoti aliyense woona kuti galasi ndi kachipangizo zikutsutsana anene, kadontho ka magazi kasungidwe, ndipo wina ku likulu ayankhe.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo apa tinene zoona. Tizipangizo toyezera ndi LA zimene timalandira mwaulere m'zipatala za boma zakhala zikugulidwa makamaka ndi thandizo la Global Fund ndi la boma la America kudzera mu President's Malaria Initiative. Mu 2025 boma la America linadula thandizo lambiri lopita kunja n'kutseka bungwe la USAID, ndipo ntchito za malungo m'mayiko ambiri a mu Africa zinagwedezeka. Ndalama zikachepa, aliyense amayamba wateteza mankhwala ndi masikito, ndipo n'zomveka. Zimene zimayamba kudulidwa ndi zosaoneka ndi maso: kafukufuku, maphunziro a anthu a ku labu, maulendo oyendera zipatala. Mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000 padziko lonse, 95 pa 100 alionse a iwo mu Africa, ambiri ana osakwana zaka zisanu. Mtengo woyezera magazi a odwala mazana angapo m'chigawo chilichonse ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa tizipangizo mamiliyoni timene dziko limagwiritsa ntchito chaka chilichonse. Ndalama imeneyo ndikufuna kuiona m'bajeti ya Unduna wa Zaumoyo, yotchulidwa ndi dzina lake, ndipo aphungu a komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo azifunsa chaka ndi chaka kuti kafukufuku womaliza anachitika liti, m'maboma ati, ndipo anapeza chiyani.